Mapu a m'dzanja pa phiri la Mulanje

Wokwera phiri la Mulanje kuchokera kumadzulo amayambira pa Likhubula. Ukatsika minibasi pa msewu wochokera pa Chitakale kulowera ku Phalombe, umakwera kamtunda kudutsa anyamata ogulitsa ziboliboli ndi ndodo zoyendera, mpaka ufike pa ofesi ya zankhalango. Apo ndi pamene umalembetsa dzina, kulipira, n'kupeza gaidi ndi onyamula katundu. Ukakweza maso kumanzere, Chambe wangoti njo, thanthwe lotuwa lotalika mamita 2,557. Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 imene imaposa malo ena onse m'Malawi, saoneka uli pamenepa. Wabisala mkati, kuseri kwa mapiri anzake.

Ulendo wathu udali wa ntchito. Mnzanga amene ndidatsagana naye ndi mayi woyeza malo, ndipo akaweruka amakonda kukonza mapu olowetsa m'tizipangizo ta GPS. Adabwera ndi tiwiri tofanana, ta mtundu wa Garmin eTrex, toyendera mabatire awiri a AA, tagalasi losakwana mainchesi atatu. M'tonse tiwiri mudali mapu a phiri lomweli, ochokera ku OpenStreetMap, nkhokwe imene Steve Coast adayambitsa ku Britain mu 2004, momwe aliyense ali ndi ufulu wolembamo malo amene akuwadziwa. Kusiyana kudali kumodzi kokha. Koyamba kankaonetsa mapuwo m'maonekedwe wamba, okomera aliyense: wa galimoto, wa njinga, wa mtauni. Kachiwiri mnzangayo adakasankhira yekha zoti zioneke, zionekere patali bwanji, ndiponso mu mtundu wanji. Ine adandipatsa koyambako. Kachiwiri adakaika m'manja mwa gaidi wathu, bambo wa konkuno amene adayamba kunyamula katundu m'phirimu ali mnyamata.

"Bambo, lero aphunzitsi ndinu," adatero. "Paliponse pamene kakunamizani, mundiuze."

A gaidi adakatembenuzatembenuza, n'kuseka. "Achemwali, ine njira ndili nayo m'miyendo. Koma tiyeni tione ngati kanthu kanuka kakuidziwa. Nanga kamadya mayunitsi angati?"

Sikadya mayunitsi, ndipo sikafuna netiweki. Ntchito yake ndi kumvetsera basi. Masetilaiti a GPS amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, iliyonse ikulengeza pamene ili ndi nthawi yake. Kachipangizo kakamva anayi kapena kuposa, kamawerengera pamene kali. Kudziwa pamene uli ndi theka chabe la nkhani. Theka lina ndi zimene zajambulidwa mozungulira kamuvi kamene kakuimira iweyo pagalasi, ndipo n'zimene tidabwerera.

Tisananyamuke tidagundanitsa magalasi awiriwo. Pa langa msewu wa ku Phalombe udali wonenepa bwino, ndi zizindikiro za tchalitchi ndi malo ogona alendo. Nditatalikitsa mapu kuti Likhubula ndi Chambe zionekere pamodzi, tinjira tonse ta m'phiri tidazimirira, kudangotsala kubiriwira kopanda kanthu. Pa galasi la a gaidi msewu wa tala udali kamzere kotuwa koonda, koma njira ziwiri zokwerera ku Chambe zidali psuu, zokhuthala, zooneka ngakhale utatambasula mkono. A gaidi adaloza ndi chikhadabo: "Iyi ndi Skyline, iyi ndi Chapaluka." Skyline ndi yachidule koma yoimirira, ndipo imadutsa kumene kale kudali chingwe chotsitsira matabwa kuchokera ku Chambe. Chapaluka ndi yotalikirapo, yotsata mtsinje wa Likhubula. Tidasankha Chapaluka chifukwa ndiko kuli madzi, ndipo madzi ndiwo amayesa mapu.

Chifukwa cha kusiyanako mnzanga adachifotokoza tikuyenda. Mapu a pakompyuta sasunga chithunzi. Amasunga mndandanda wa zinthu, madontho, mizere ndi zigawo, chilichonse ndi chizindikiro chake. Mu OpenStreetMap njira yoyenda pansi imalembedwa highway=path, kamtsinje waterway=stream, nsonga ya phiri natural=peak. Mndandandawo sunena kuti njira ikhale yofiira kapena yakuda. Zimenezo amagamula ndi munthu amene akuusandutsa mapu a m'kachipangizo. Mnzangayo amagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere yotchedwa mkgmap, imene imatsata malamulo olembedwa m'mafayilo a madontho, a mizere ndi a zigawo. Lamulo lililonse lili ndi nambala yonena pamene chinthucho chiyambire kuoneka. Nambala 24 ndiye kuti chioneke pokhapokha wayandikitsa kwambiri. Ukaitsitsa kufika pa 20 kapena 19, chimaonekera patali. Mapu wamba amapatsa misewu ikuluikulu nambala zotsika n'kusiyira tinjira zokwera, ndipo n'zomveka, popeza kupanda kutero mzinda wa Blantyre ungangokhala chipwirikiti cha mizere. Koma m'phiri njira yoyenda pansi ndiyo msewu waukulu, choncho iye adangotembenuza dongosololo.

Phokoso la mathithi limayamba kumveka usanawaone. Pa Dziwe la Nkhalamba madzi amagwa kuchokera pa thanthwe kulowa m'dziwe lozama, lobiriwira mwakuda, lozizira mpaka kuwawa m'mafupa. Tidapeza ana asukulu ochokera ku Blantyre akujambulana zithunzi pa miyala, aphunzitsi awo akuwakuwira kuti asayandikire kumene kukuterera. Pa galasi langa malowa adali kadontho kokhala ndi dzina, kamene kankaoneka ndikayandikitsa. Pa la a gaidi padali chizindikiro cha mathithi chachikulu ndithu. Iwo sadachite nacho chidwi. "Dziwe aliyense amalipeza, phokoso limamuitana," adatero. "Mundionetse powolokera."

Adanena zoona. Kumtunda kwa dziwelo njira imakumana ndi madzi, ndipo pamene timadumpha miyala nsapato zili zouma m'chilimwe, m'dzinja pamatha kukhala posawoloka. Mvula ikagwa pamwamba, mtsinje umadzaza mwadzidzidzi kumunsi kuli dzuwa. Mnzanga adali ataziganizira kale. Paliponse pamene njira yalembedwa ford=yes, kutanthauza powoloka popanda mlatho, adaikapo kachizindikiro kachikasu kozungulira ndi mzere wakuda. Mitsinje yosaphwa adaipatsa mzere wa buluu wosaduka, timakwawa toyenda nthawi ya mvula yokha mzere wodukaduka. Woyenda mu Okutobala amafuna kudziwa kumene akatunge madzi, woyenda mu Febuluwale amafuna kudziwa kumene madzi angamutsekereze. Mzere umodzi wofanana sungayankhe onse awiri. Tikukwera tidaonanso zipsera zoyera m'mbali mwa phiri, mmene nthaka ndi miyala zidagumukira nthawi ya namondwe Freddy mu Marichi 2023. A gaidi adati m'malo ena a phirili njira zidasuntha chichokereni nthawi imeneyo. Mapu a phiri amakalamba, ndipo wowakonza amayenera kubwera kudzaponda yekha.

Nkhalango itayamba kuchepa, tidafika pa mphambano imene pa galasi langa inkaoneka ngati njira ziwiri zolingana. Pa la a gaidi nazonso zonse ziwiri zidali zofiira. Adaima, n'kupukusa mutu.

"Apa kanama, achemwali. Ya kumanjayi ndi ya ocheka matabwa. Ikathera pa dzenje lochekerapo, kutsogolo kwake ndi phompho."

Mnzanga sadatsutse. Adadina batani kusunga malowo, n'kulemba m'kabuku kake. Adatifotokozera mmene zotere zimalowera m'mapu. Ambiri amene amajambula njira amachita zimenezi ali kutali, akuyang'ana zithunzi za m'mlengalenga, ndipo ntchito yawo ndi yothandiza kwambiri. Koma kuchokera kumwamba, njira ya alendo, njira ya ocheka matabwa ndi mpata wolambulidwa wotchingira moto zimafanana. Wosiyanitsa ndi amene adayendamo. Njira ikalembedwa bwino, ndi zizindikiro zonena ngati ikuoneka pansi ndi kuvuta kwake, pamenepo malamulo a maonekedwe amagwira ntchito: yodalirika ifiire, yokayikitsa ikhale timadontho totuwa. Utoto sungakonze chimene chidalembedwa molakwika. Uyenera kuyamba wafunsa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Pamene mtunda udayamba kutidya mawondo, ndidayamba kusirira mizere ina yofiirira imene idali pa galasi la a gaidi yokha. Aliyense amene adalimapo munda wa pamtsetse amawadziwa akalozera, mizere imene imayenda mopingasa mtunda osakwera osatsika. Mizere ya pamapuyi ndi chimodzimodzi: uliwonse umalumikiza malo okwera mofanana, ndipo ikathinana ndiye kuti malowo ndi oimirira. Siichokera ku OpenStreetMap. Mnzanga adaipanga kuchokera ku miyeso imene chombo cha m'mlengalenga cha Endeavour chidatenga ndi rada mu Febuluwale 2000, imene lero imapezeka mwaulere, muyeso umodzi pa mamita pafupifupi 30 alionse. Vuto la Mulanje ndi lakuti ukajambula mzere pa mamita 10 alionse, mbali ya Chambe imangoti bii, njira osaonekanso. Iye adasankha mamita 20 ukayandikitsa, ndipo ukatalikitsa imatsala ya mamita 100 yokha. Adaichepetsanso mphamvu ya mtundu, kuti ikhale kumbuyo, njira ikhale patsogolo.

Kenaka mtunda umatha mwadzidzidzi, n'kutulukira m'chigwa cha Chambe. Ndi dambo lalikulu lapamwamba, lozingidwa ndi mapiri, mphepo yake yozizira. Kale mudali nkhalango ya paini wobzala, lero mwatsala zitsa ndi udzu, ndi timitengo tongophukira. Hati ya Chambe ndi nyumba yamatabwa ya khonde, yoyang'anizana ndi thanthwe la Chambe. Mlonda wake, bambo wachikulire wovala chipewa cha ubweya, adatilandira ndi ndowa ya madzi ndi mtolo wa nkhuni. Mahati otere alipo angapo m'phirimu, monga Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu ndi Chisepo, ndipo kwa munthu amene kwamudera, palibe chinthu china pamapu chofunika kuposa iwo. N'chifukwa chake pa galasi la a gaidi kanyumba kofiira ka denga lakuda kankaoneka ngakhale utatalikitsa mpaka phiri lonse kukwana pagalasi.

Nsima itapsa, moto ukuthetheka, mnzanga adatsegula laputopu yake yaing'ono. Adati moto wa m'batire yake ndi wochepa, tisachedwe. Adatsegula fayilo yachiwiri, imene amaitcha TYP. Malamulo aja amanena chimene chioneke ndi pamene chionekere, koma TYP ndiyo imanena maonekedwe: mtundu, kunenepa kwa mzere, chithunzi cha chizindikiro, ndi chigawo chimene chikhale pamwamba pa chinzake. Chizindikiro chilichonse chimajambulidwa kadontho ndi kadontho m'timabokosi, ndipo chimatha kukhala ndi maonekedwe awiri, a masana ndi a usiku. Adazimitsa tochi n'kutipatsa kachipangizo kaja kali pa maonekedwe a usiku. Kumbuyo kudali kwakuda, ndipo njira yofiira ija, imene masana inkawala, idamira.

"Mwana wanga, ine apa sindikuona kanthu," adatero mlonda, atakayandikitsa kumaso.

"Nanga apa, agogo?" Adasintha nambala za mtundu, njira ya usiku n'kukhala yachikasu chowala.

"Eya, iyo. Imeneyo ndiye njira."

Zimene zidatsatira ndi zimene ndidaona kuti ndiwo mtima wa ntchito yonseyi. Mnzanga adafunsa abambo awiriwo kuti anene zimene iwo akadakonda kuona. Sadatchule malo ojambulirapo zithunzi. A gaidi adayamba ndi mapanga ndi matanthwe olendewera amene munthu angabisalemo mvula ikamupeza pakati pa mahati awiri. Adatchula madzi omaliza usanayambe chitunda chouma. Adatchulanso malo amene foni imagwira netiweki, chifukwa munthu akathyoka mwendo, wothamanga kukaitana thandizo ayenera kudziwa chulu choti akaimepo. Mnzanga adalemba zonse, nati zina aziika ngati madontho akeake pamwamba pa mapu.

Mlonda ndiye adanena zoti zisaoneke. Mkungudza wa ku Mulanje, umene kuno amangoti sida, ndi mtengo wa dziko lino ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse. Udadulidwa mpaka kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Tsopano pali ntchito yobzala ina, ndipo mlondayo sadafune kuti malo amene ikukula bwino alozedwe pa mapu oti aliyense angatenge. Adanenanso za malo ena amene makolo ankathirako nsembe. Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO lidaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalipatsa. "Ena mwa malowo ali ndi eni ake," adatero. "Mukafunse kaye kumudzi." Mnzanga adavomera. Wokonza mapu ali ndi mphamvu yoonetsa ndi yobisa, ndipo zonse ziwiri zimafuna chilolezo cha anthu a pamalopo.

Tisanagone a gaidi adatulutsa m'chikwama mapu a pepala, akale, omatidwa ndi selotepi m'makwinya. Adawerenga manambala a hati pa kachipangizo, n'kuwafunafuna papepala, koma chala chawo chidagwera kuthengo, kutali ndi kanyumba kojambulidwa. Mnzanga adati onse awiri akunena zoona, koma akuyezera poyambira posiyana. Mapu akale a dziko lino adajambulidwa pa muyeso wotchedwa Arc 1950, pamene GPS imayendera WGS 84, ndipo kusiyana kwake kuno kumafika mamita mazana awiri kapena atatu. Adalowa m'makonzedwe a kachipangizo, n'kusankha Arc 1950, manambala n'kusintha, chala cha a gaidi n'kugwera pa hati penipeni. Amene amayenda ndi pepala ndi GPS pamodzi asaiwale zimenezi, chifukwa m'phiri mamita 200 ndi kusiyana kwa njira ndi phompho.

Kutacha tidalunjika ku Chisepo. Njira imatuluka m'chigwa, kukwera mpaka pa kamsana kopapatiza kamene mbali zonse ziwiri ndi zotsetsereka kwambiri. Tili pamenepo mphepo idatembenuka. Chiperoni, nkhungu ndi kamvula kowaza kamene kamabwera ndi mphepo yochokera ku Mozambique, chidakwera m'zigwa mofulumira kuposa munthu wothamanga. Posakhalitsa kudangoti mbuu. Wonyamula katundu amene adali patsogolo pathu tinkangomumva kutsokomola. Madzi adadzaza pagalasi, zala zidauma ndi kuzizira, ndipo palibe amene akadafuna kuima n'kumadina mabatani.

Apa ndi pamene ntchito ya mnzanga idaonekera. Pa galasi langa njira idalipo, koma yoonda, ya mtundu wosasiyana kwenikweni ndi malire a nkhalango, ndipo dzina lalitali la nkhalangoyo lidagona pamwamba pake. Kuti ndiione ndinkayenera kupukuta galasi ndi kuyandikitsa kumaso. Pa la a gaidi padali zinthu zinayi zokha: mzere wofiira, kamuvi pamwamba pake, mizere yothinana mbali zonse ziwiri, ndi kanyumba ka Chisepo kumtunda kwa galasi. Malire a nkhalango adawachotsa. Maina a zigawo adawachotsa. Adakakonzanso kuti kutsogolo kwa woyenda kukhale kumtunda kwa galasi, m'malo mwa kumpoto, kuti kumanzere kwa pagalasi kukhale kumanzere kwa mwendo. Ukangoponya diso kamodzi, wadziwa. Mapu abwino a m'dzanja amadziwika ndi zimene wowakonza adalimba mtima kuchotsa.

A gaidi sadayende ndi kachipangizoko. Ankayenda ndi mapazi awo, akuzindikira mwala uwu ndi chitsamba icho, koma nthawi ndi nthawi ankasuzumira pagalasi n'kung'ung'udza movomereza. Titafika pa hati ya Chisepo adakabweza kwa mwini wake. "Lero kayenda nane bwino," adatero. "Koma mawa musakadalire."

Chisepo ndi hati yaing'ono, yomangidwa patsinde pa Sapitwa. Nkhungu itayera madzulo, chigwa cha Phalombe chidatseguka kumunsi, midzi ndi minda mpaka kutali. M'mawa tidadzuka kusanache, a gaidi atayang'ana kumwamba ndi kunena kuti kuli bwino. Njira ya ku Sapitwa siili ngati zina zija. Imayamba ndi matanthwe osalala oimirira, okwera ndi manja ndi miyendo, kenaka imalowa m'chipwirikiti cha miyala ikuluikulu kuposa nyumba, yosanjikizana, yokhala ndi mipata yakuya pakati pake. Pena umakwawa pansi pa mwala chikwama chili m'manja, pena umadutsa m'kankhalango ka mitengo yopindika yovala ndere. Chokulondolera ndi timizere ta penti wofiira topakidwa pa miyala.

Mnzanga adaijambula njirayi mosiyana ndi zonse, mzere wofiira wodukizidwa ndi wakuda, kutsata muyeso wa kuvuta kwa njira umene udachokera ku bungwe la okwera mapiri la ku Switzerland, woyambira T1 mpaka T6. Cholinga chake chidali choti munthu akangoona adziwe kuti iyi si njira yongoyendamo. Koma pakati pa miyalayo tidaona malire a chipangizo. Poyera GPS imalakwitsa ndi mamita ochepa, atatu kapena asanu. Pafupi ndi thanthwe, uthenga wa masetilaiti umatchingidwa kapena kunjanja pa mwala usanafike, ndipo kamuvi kamayamba kudumphadumpha. Tidaima malo amodzi, kamuvi n'kumayenda kokha. Mizere ya kukwera kwa malo nayo idali yosalala bwino, ngati palibe chovuta, chifukwa muyeso wa pa mamita 30 sungaone mpata wa mamita awiri umene ungameze munthu. Apa kulakwitsa ndi mamita asanu ndiye kuti uli mbali ina ya mwala, kumene kulibe potsikira.

A gaidi ankadziwa mwala uliwonse. "Phazi lamanzere apa, akulu. Musagwire udzuwo, uzuka." Tikupuma adatikumbutsa za Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil amene mu Julaye 2009 adakwera kuno atasiya gaidi wake kumunsi. Nyengo idasintha, adasochera, ndipo thupi lake lidapezeka patapita pafupifupi masabata atatu. A gaidi adaifotokoza nkhaniyi mosakweza mawu, ndipo palibe adawonjezerapo kanthu.

Pamwamba pali chipilala cha oyeza malo ndi mphepo yosaleka. Kumpoto nyanja ya Chilwa inkanyezimira, kum'mawa ndi kumwera mapiri a ku Mozambique, kumunsi nsonga zina za Mulanje zitatuluka m'mitambo. Mnzanga adaika tizipangizo tonse tiwiri pa chipilala. Manambala a kutalika adasiyana pang'ono ndi 3,002, ndiponso adasiyana okhaokha, popeza GPS imalakwitsa kwambiri pa kutalika kuposa pa malo. Sitidakhalitse. A gaidi adaloza kamtambo kamene kankakwera kuchokera kumwera, tidanyamuka.

Potsika mnzanga adawonjezera chinthu chimodzi m'kabuku kake: pa chiyambi cha njira ya ku Sapitwa paikidwe chizindikiro chachikulu chokhala ndi mawu, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, onena kuti munthu asapitirire popanda gaidi. Pa zonse zimene adakonza, chimenechi ndi chimene ndidachiona cholemera kwambiri, chifukwa ndi mapu amene akuvomera okha pamene nzeru zawo zathera.

Pofika pa Likhubula kabukuko kadali katadzaza: njira yoti ichotsedwe kufiira, mapanga oti alowe, mtundu wa usiku umene udasinthidwa, powolokera pamene padasuntha. Zambiri mwa izo zidachokera pakamwa pa anthu awiri amene sadayambe atsegulapo pulogalamu ya mapu. Umisiri wake si wovuta kwambiri. Mapu a OpenStreetMap ndi aulere, mkgmap ndi yaulere, ndipo amene alibe Garmin angathe kuchita zofananako pa foni ndi pulogalamu monga OsmAnd, imene imasunga mapu osafuna intaneti ndi kulola munthu kusankha zoti zioneke. Chosowa ndi anthu okhala pansi ndi eni malo n'kuwafunsa kuti chofunika n'chiyani.

Tili ndi achinyamata ambiri amene aphunzira zoyeza malo ndi zamakompyuta, ndipo tili ndi magaidi, alonda a mahati, asodzi a pa Chilwa ndi oyang'anira nyama ku Nyika amene amadziwa malo awo kuposa chithunzi chilichonse cha m'mlengalenga. Achinyamata inu, pitani kwa anthu amenewa ndi kabuku, mukalembe zimene akudziwa, muwapatse galasi aliyang'ane okha padzuwa ndi mumdima, ndipo akanena kuti sakuona, musinthe. Ndipo inu amene mukukonzekera kukwera Mulanje, konzani mapu anu musananyamuke, tengani mabatire apadera, koma pa Likhubula musadutse osatenga gaidi.